Muvi wobwerera ku ubongo: kuwerenga chithunzi cha mahomoni a uchembere

Aliyense wophunzira unamwino ndi uzamba, kaya pa St Luke's ku Malosa kaya kwina, amafika pa tsamba lina pamene mawu amachepa n'kutsala mabokosi atatu ndi mivi. Bokosi lapamwamba lalembedwa hypothalamus, lapakati pituitary, lapansi thumba la mazira. Kuchoka pamwamba pamatsika muvi umodzi wonyamula zilembo GnRH. Kuchoka pakati pamatsika iwiri, FSH ndi LH. Ndiye pali mivi yokhota, yochoka pansi n'kudzera m'mphepete mwa tsamba kubwerera kumwamba. Pa imeneyi palembedwa estrogen ndi progesterone, ndipo pambali pake pali tizizindikiro tiwiri ta masamu, kochotsera ndi kophatikiza. Chithunzichi chili m'mabuku ambiri onena za thupi la munthu, chimangosiyana utoto ndi kukula. Kuloweza kwake n'kosavuta, n'chifukwa chake ambiri amangochikopera m'kope osachiwerenga. Komatu mafunso amene amayi amafunsa pa benchi ya kulera, kuchokera ku Songani mpaka ku Machinga, mayankho ake agona m'mivi yomweyi, makamaka yokhotayo.

Tiyambe ndi kaimidwe ka mabokosi. Ubongo uli pamwamba, mazira ali pansi, ndipo diso limaganiza kuti malamulo onse akuchokera kumwamba. Mbiri ya chithunzichi sinayambe choncho. Mu 1932, ku Chicago, Carl Moore ndi Dorothy Price anaonetsa pa makoswe kuti mahomoni ochokera ku ziwalo zoberekera amabwerera kukachepetsa ntchito ya pituitary. Iwo anali ndi mabokosi awiri apansi okha. Bokosi lapamwamba linadzakhazikika chifukwa cha ntchito ya Geoffrey Harris wa ku England, amene m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 anaumirira kuti ubongo umalankhula ndi pituitary kudzera m'timitsempha ta magazi tating'onoting'ono tolumikiza ziwirizi. Kunena kwina, muvi wobwerera unadziwika bwino bokosi lapamwamba lisanakhazikike. Olemba mabuku anadzaukankhira m'mphepete pofuna kuti tsamba lioneke laudongo, ndipo ndikuona kuti kukankhidwa kumeneku kwasocheretsa ophunzira ambiri. Amene amatchula tsiku lotulutsa dzira si ubongo pawokha. Ndi dzira lomwe likukhwimalo, kudzera mu estrogen imene thumba lake likutulutsa.

Muvi woyamba, wa GnRH, umajambulidwa wautali ngati inzake, pamene njira yake m'thupi ndi yaifupi kwambiri. Homoni imeneyi siyenda thupi lonse. Imatsika m'timitsempha ta Harris tija, n'kufika pa pituitary, ndipo pakangopita mphindi zochepa yatha mphamvu. Simungaipeze potenga magazi pamkono. N'chifukwa chake Andrew Schally ndi Roger Guillemin, aliyense ndi gulu lake ku America, anachita kusonkhanitsa tizidutswa ta ubongo wa nkhumba ndi nkhosa masauzande ambirimbiri kuti apeze kadontho koti n'kukaunika. Mu 1971 zinadziwika kuti ndi kamkanda ka ma amino acid 10 okha, ndipo mu 1977 awiriwa analandira mphoto ya Nobel. Manyuroni, maselo a mu ubongo, opanga GnRH nawo ndi ochepa modabwitsa: mu mbewa alipo pafupifupi 800. Sabadwira n'komwe mu ubongo. Mwana akadali m'mimba, manyuroniwa amayambira m'mphuno n'kuyenda kukalowa mu ubongo. Ulendowu ukalephereka, munthu amakula osamva fungo komanso osatha msinkhu, matenda otchedwa Kallmann.

Koma cholakwa chachikulu cha muvi umenewu ndi chakuti wajambulidwa ndi mzere wosaduka. Ukanayenera kukhala wa timadontho. Mu 1978 gulu la Ernst Knobil ku Pittsburgh linatenga anyani amene ubongo wawo sunkatulutsanso GnRH, n'kuwapatsa homoniyi m'njira ziwiri. Atawapatsa pang'ono kamodzi pa ola, pituitary inadzuka n'kuyamba kutulutsa LH ndi FSH. Atawapatsa mosalekeza, pituitary inangoti zii. Ovina amatsata ng'oma chifukwa pakati pa kugunda ndi kugunda pali mpata. Phokoso losadukiza palibe angalivine. Pituitary nayo imamva kugunda, ndipo imasiyanitsa kothamanga ndi kodekha: kothamanga kumakomera LH, kodekha kumakomera FSH. Mwa mayi, masiku otsatira msambo GnRH imagunda pafupifupi ola lililonse kapena ola ndi theka. Dzira likatuluka, mpata umatalika mpaka maola 3 kapena 4. Madokotala anatengerapo mwayi pa kugontha kwa pituitary kumeneku. Mankhwala ena a khansa ya prostate ndi GnRH yopanga imene imakhala m'thupi mosalekeza, ndipo m'malo mokweza testosterone imaitsitsa mpaka pansi. Wophunzira amene waloweza mzere wosaduka uja sangamvetse kuti zimenezi zikutheka bwanji.

Tsopano tifike pa muvi wokhota, ndipo tione bwino pamene nsonga yake yagwera. M'mabuku ambiri imalasa pa bokosi la hypothalamus, pena pa zilembo za GnRH zenizenizo. Wowerenga amamva kuti estrogen imakwera n'kukagwira manyuroni a GnRH. Kuti selo limve homoni, liyenera kukhala ndi cholandirira, puloteni imene homoniyo imamatirapo. Mu 1983, ofufuza a pa Rockefeller University ku New York, m'gulu la Donald Pfaff, anapeza kuti manyuroni a GnRH sasunga estrogen mkati mwawo monga amachitira manyuroni ena oyandikana nawo. Pambuyo pake zinatsimikizika kuti alibe cholandirira chachikulu cha estrogen, chija chotchedwa ER alpha, chomwe kafukufuku wa pa mbewa anaonetsa kuti popanda icho muvi wobwererawu sugwira ntchito. Ndiye kuti nsonga ya muvi inali kulasa pamalo osamva. Panayenera kukhala wina pakati, womva estrogen n'kukauza manyuroni a GnRH. Zaka 20 zinatha akumufunafuna, mabuku akupitiriza kujambula muvi womwewo ngati palibe vuto.

Yankho silinachokere kwa makoswe koma kwa mabanja. Mu 2003 magulu awiri, la Nicolas de Roux ku Paris ndi la Stephanie Seminara ku Boston mogwirizana ndi anzawo a ku Cambridge, anafalitsa zomwe anapeza m'mabanja amene ana angapo ankakula osatha msinkhu. Fungo ankamva bwinobwino, kusonyeza kuti si Kallmann. Pituitary yawo inali yamoyo. Chomwe chinawonongeka chinali cholandirira chimodzi, chimene panthawiyo chinkatchedwa GPR54. Chimalandira kisspeptin, puloteni imene jini yake inapezeka mu 1996 ku Hershey, Pennsylvania, ndi anthu ofufuza khansa ya pakhungu, osaganizako n'komwe za uchembere. Manyuroni a GnRH ali nacho cholandirira chimenechi, ndipo kisspeptin ikawafika amadzuka mwamphamvu. Manyuroni opanga kisspeptin nawo ali ndi zolandirira estrogen, progesterone ndi testosterone. Wapakati uja ndi ameneyu, ndipo pa chithunzi chathu alibe bokosi.

Apa mpamene tizizindikiro tiwiri tija timayamba kumveka. Wophunzira wakhama ayenera kudabwa kuti estrogen imodzi yomweyo yapatsidwa chochotsera ndi chophatikiza pa muvi umodzi. Chinthu chimodzi chingaletse bwanji n'kulimbikitsanso? Mu 2005 Jeremy Smith ndi anzake m'gulu la Robert Steiner ku Seattle anachotsa matumba a mazira a mbewa zazikazi n'kuyang'ana manyuroni a kisspeptin m'malo awiri a hypothalamus. Chakumbuyo, pamalo otchedwa arcuate, kisspeptin inachuluka estrogen itasowa, ndipo inatsika atawabwezera estrogen. Chakutsogolo, pamalo otchedwa AVPV, zinatembenuka: estrogen itasowa kisspeptin inatsika, itabwerera inakwera. Homoni ndi imodzi, oimva ndi awiri, ndipo aliyense amaiyankha mwake. Chochotsera ndi cha gulu lakumbuyo, chophatikiza ndi cha gulu lakutsogolo. M'mbewa zazimuna gulu lakutsogololi ndi lochepa kwambiri, n'chifukwa chake mbewa yamphongo sikhala ndi kusefukira kwa LH kumene yaikazi imakhala nako.

Gulu lakumbuyo ndilo limasunga kugunda kuja. Mu 2007 Robert Goodman ndi anzake, pofufuza nkhosa, anaonetsa kuti manyuroni omwewa amapanganso zinthu zina ziwiri, neurokinin B ndi dynorphin. Yoyamba imadzutsa manyuroni anzake kuti agunde pamodzi, yachiwiri imawazimitsa, ndipo kisspeptin ndiyo imanyamula uthenga kupita kwa GnRH. Mu 2017 gulu la Allan Herbison ku Otago, New Zealand, linatha kuona manyuroniwa akuyaka limodzi mu ubongo wa mbewa yamoyo, ndipo kuyaka kulikonse kunkatsatidwa ndi kukwera kwa LH m'magazi. Aliyense woweta mbuzi m'chigwa cha Domasi akudziwa kale mbali ina ya nkhaniyi, ngakhale sanaione pa tsamba. Mbuzi zazikazi zimene zakhala patali ndi tonde zimafulumira kufuna yamphongo tonde akalowa m'khola. Ofufuza a ku Tokyo anaika zida zomvera mu ubongo wa mbuzi zazikazi, ndipo mu 2014 anatchula chinthu chimodzi cha mu fungo la pamutu pa tonde, 4-ethyloctanal, chimene chimafulumizitsa kugunda kwa manyuroni amenewa mbuzi ikangochinunkhiza. Kwa munthu palibe umboni woti fungo limachita zotere, ndipo asakunamizeni ogulitsa mafuta onunkhira.

Chizindikiro chophatikiza chili ndi vuto lina: sichinena za nthawi. Estrogen yochepa kapena yapakati imaletsa. Kuti itembenuke n'kukhala yolimbikitsa, iyenera kukwera kwambiri n'kukhala pamwambapo kwa tsiku limodzi ndi theka kapena masiku awiri. Zikatero LH imasefukira, ndipo dzira limatuluka patapita maola pafupifupi 36 chiyambire kusefukirako. Pamalo pamene dzira latuluka pamatsala kanthu kachikasu kopanga progesterone, imene imadekhetsa kugunda kwa GnRH ndi kutseka njira ya kusefukira kwina. Kanthuka kamakhala masiku pafupifupi 14; pathupi pakapanda kuima kamafota, progesterone imagwa, ndipo khungu lamkati mwa chiberekero limasenda n'kutuluka. Umenewo ndiwo msambo. Ndinene pano kuti munthu si mbewa. Knobil yemwe uja anaonetsa mu 1980 kuti anyani opatsidwa GnRH pa mlingo umodzimodzi ola lililonse ankatulutsabe mazira mwezi ndi mwezi. Izi zikusonyeza kuti mwa anyani ndi anthu gawo lalikulu la chophatikiza limachitikira pa pituitary penipeni, imene estrogen imaichititsa kumva GnRH mopitirira. Mabuku amene amagawa nsonga ya muvi pawiri, ina ku hypothalamus ina ku pituitary, ndiwo ali pafupi ndi choonadi.

Zonsezi zikanakhala za mayeso okha chikanapanda jakisoni wolerera. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi apabanja 58 mwa 100 aliwonse m'Malawi ankagwiritsa ntchito njira zamakono zolerera, ndipo 30 mwa 100 anali pa jakisoni. Jakisoni wa Depo ndi mankhwala ofanana ndi progesterone, mamiligalamu 150 obayidwa mumnofu miyezi 3 iliyonse. Sayana Press, ya mamiligalamu 104 yobayira pansi pa khungu, ndi mankhwala omwewo. Kafukufuku amene anachitika ku Mangochi n'kufalitsidwa mu 2018 anaonetsa kuti amayi odzibaya okha kunyumba ankapitiriza njirayi kuposa obayidwa ndi azaumoyo. Pa chithunzi chathu, jakisoni amalowera pa muvi wokhota. Sakhudza dzira mwachindunji. Amakwera ku ubongo ndi ku pituitary n'kusunga chizindikiro chochotsera pamalo pake kwa miyezi itatu, kugunda kumadekha, LH siisefukira, dzira silituluka. Amalimbitsanso chikazi cha pakhomo pa chiberekero kuti umuna usadutse.

Mayi akabwera nati, “Anesi, miyezi inayi tsopano sindikusamba, magaziwo akupita kuti?”, kumuyankha kuti “musadandaule, mayi, zimachitika” n'kumupatsa theka la yankho, ndipo theka linalo akalipeza kwa anzake pamjigo: akamuuza kuti magazi akuunjikana m'mimba, adzasanduka chotupa. Yankho lathunthu lilipo ndipo si lovuta kulinena. Magazi a msambo sakhala penapake kudikira tsiku. Amachokera ku khungu lamkati mwa chiberekero, limene limakula mwezi ndi mwezi estrogen ikakwera. Pa jakisoni khungulo limakhala lopyapyala, ndiye palibe chosenda. Palibe chimene chatsekeredwa, chifukwa palibe chimene chapangidwa. Pafupifupi theka la amayi amaleka kusamba akatha chaka pa jakisoni. Chilungamo chimafunanso kuti mayi auzidwe mbali yovuta. Mankhwalawa amachoka m'thupi pang'onopang'ono, ndipo ambiri amene asiya pofuna mwana amadikira miyezi pafupifupi 10 chibayireni komaliza, ena kupitirira chaka. Umenewu si uchumba, koma mayi amene sanachenjezedwe, apongozi ali pakhosi, adzautcha uchumba ndipo sadzabwereranso ku chipatala. Estrogen ikakhala yotsika nthawi yaitali chifukwa cha jakisoni mafupa amapepukako pang'ono, ndipo kwa ambiri amabwerera mwakale mayi akasiya. Ndimakhulupirira kuti mayi wodziwa kumene mankhwala akugwira amasankha bwino kuposa wongouzidwa tsiku lobweranso.

Chithunzichi chili ndi mpanda: chimaonetsa mabokosi atatu akulankhulana okhaokha, ngati thupi lonse kulibe. Bere palibepo. Komatu mwana akamayamwa pafupipafupi, usana ndi usiku, uthenga wochokera ku nsonga ya bere pamodzi ndi homoni ya mkaka, prolactin, zimafooketsa manyuroni a kisspeptin, ndipo kugunda kwa GnRH kumasokonekera. Agogo athu ankadziwa kuti woyamwitsa amachedwa kuima. Akatswiri atakumana ku Bellagio, Italy, mu 1988 anaikapo malire atatu: mwana asanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha, mayi asanayambirenso kusamba. Zitatuzi zikakwanira, chitetezo chimafika 98 pa 100. Chimodzi chikasowa, mwachitsanzo mwana wayamba phala pa miyezi inayi, kugunda kumabwerera, ndipo dzira likhoza kutuluka mayi asanaone msambo woyamba. Ambiri otumbiza amagwera pamenepa. Mbale ya nsima nayo palibepo pa tsamba. Mafuta a m'thupi amatulutsa homoni ya leptin, imene inapezeka mu 1994, ndipo ikatsika chifukwa cha njala kapena matenda owondetsa monga TB, ubongo umachepetsa kugunda mpaka msambo kuima. Manyuroni a GnRH samva leptin mwachindunji. Apanso uthenga umadzera mwa ena.

Kwa abambo chithunzi n'chomwecho, kungosintha bokosi lapansi ndi kufufuta chophatikiza. Testosterone imabwerera ku ubongo, gawo lina litasandulika estrogen, n'kudekhetsa kugunda. Anyamata onyamula zitsulo amene amadzibaya testosterone kuti atukuke minofu ayenera kudziwa kuti akulemeretsa chizindikiro chochotsera: LH ndi FSH zimagwa, machende amafota, mbewu ya abambo imachepa.

Msinkhu nawo chithunzi sichiutchula. Mwa mwana wamng'ono mabokosi onse atatu alipo, koma kugunda kuli chete. Pakutha msinkhu kumayamba usiku, mwana ali m'tulo, kenako kumafalikira mpaka usana. Chophatikiza ndicho chimakhwima pomalizira, choncho m'chaka choyamba kapena chachiwiri mtsikana amasamba miyezi yambiri popanda dzira, ndipo masiku ake sakhazikika. Izi si chitetezo, pakuti palibe amene angadziwe mwezi umene dzira lituluke. Ndipo kugwa pansi kumangonena kuti manyuroni a kisspeptin adzuka. Sikunena kanthu za mafupa a m'chiuno amene akukulabe, kapena za mwana amene akadali ku pulayimale. Pamene Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko mu 2017 kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, inali kumbali ya zimene thupi lenilenilo likunena, ndipo anankungwi amene amalangiza namwali kuti adikire sakutsutsana ndi chilengedwe.

Patsala funso limodzi limene tsambali limadzutsa koma osayankha: bokosi lapansi likatseka, muvi wobwerera n'kuduka, kumwambako kumachitika zotani? Zimenezi zimamuchitikira mayi aliyense wofika zaka za m'ma 50. Mazira atha, estrogen yagwa, chochotsera chachoka. FSH ndi LH zimakwera kwambiri, pituitary ikuitana thumba losayankha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Naomi Rance wa ku Arizona anaunika ubongo wa amayi omwalira atasiya kusamba, ndipo anapeza manyuroni ena a mu hypothalamus atatupa, akupanga neurokinin B yochuluka. Anali gulu lakumbuyo lija, zaka zambiri lisanadziwike kuti ndilo losunga kugunda. Manyuroniwa ali ndi nthambi zofika pamalo amene ubongo umayang'anira kutentha kwa thupi, ndipo akamagunda popanda wowadekhetsa, malowo amalamula thupi kutaya kutentha mwadzidzidzi. Mayi amamva moto kukwera kuchokera pachifuwa kufika kumaso, thukuta kamukamu pakati pa usiku ngakhale mu June mphepo ikutsika m'phiri la Malosa, mtima kugunda, tulo kusowa. Ambiri amayamba kaye akayezetsa malungo, ena amaganiza za BP, ena za kulodzedwa. Mu 2023 bungwe loona za mankhwala ku America linavomereza fezolinetant, piritsi lotseka cholandirira neurokinin B, lochepetsa kutenthaku popanda kupereka homoni iliyonse. Ndi mankhwala odula, ndipo womwa amafunika kumuyeza chiwindi pafupipafupi. Koma namwino wa ku Malosa safunika kukhala ndi piritsilo kuti amuuze mayi wa zaka 49, amene malungo sanamupeze nawo, kuti kutenthako kukuchokera ku kagulu ka manyuroni kamene kasowa estrogen, kuti kwa ambiri kumatha pakapita zaka zingapo, ndiponso kuti apitirize kulera kufikira atatha chaka chathunthu osasamba, kapena zaka ziwiri ngati sanakwane 50, popeza m'zaka zosinthirazi dzira limatulukabe mwa apo ndi apo.